Sabata imene tinafunafuna wangongole ku Wilmington, mzinda wa ku Delaware

Lolemba m'mawa ndinapeza patebulo panga fayilo ya banki ina yomwe inkafuna kubwereketsa ndalama kwa opanga mipando a m'boma la Pennsylvania ku America, chikole chake chili makina awo ochekera matabwa. Ntchito yotere ndimaimaliza dzuwa lisanafike paliwombo, koma apa wobwereka sanali kampani yonse ayi, chinali chigawo chimodzi cha kampani ya mtundu wotchedwa series LLC, yolembetsedwa m'boma la Delaware. Boma limeneli linayamba kulola makampani amtunduwu mu 1996, ndipo amafanana ndi nyumba imodzi yazipinda zambiri: ngongole ya chipinda china siigwira katundu wa chipinda chinzake, bola mabuku a chipinda chilichonse azisungidwa paokha ndiponso chikalata chokhazikitsira kampani chinene zimenezo poyera.

Mutu unandiimira pa fomu ya UCC-1, imene banki imalengezera kuti katunduyo ndi chikole chake. Malinga ndi Article 9 ya Uniform Commercial Code, malamulo a zamalonda amene maboma a ku America amatsatira, fomuyi imaperekedwa kumene lamulo limati wangongole ali. Ngati ndi bungwe lolembetsedwa, kumeneko ndi kuboma limene linalilembetsa. Ngati si lolembetsedwa, ndi kumene limachitira malonda kapena kumene kuli likulu lake. Chigawo chathuchi chinalibe chikalata chakechake ku ofesi yolembetsa makampani ya ku Dover, likulu la Delaware, chinangobadwira m'pangano la eni kampani.

Lachiwiri ndinapita nazo kwa amayi amene amatsogolera gulu lathu. "Mayi, kodi tipereke ku Delaware kapena ku Pennsylvania?" ndinafunsa. Iwo anavula magalasi nandiuza kuti ndiyambe ndatsimikiza ngati chigawocho ndi munthu pamaso pa lamulo. Funsoli linasautsa maloya kwa zaka zambiri, mpaka zosintha za mu 2022 za Uniform Commercial Code zinanena mosapita m'mbali kuti protected series, chigawo chonga chathuchi, ili m'gulu la anthu, ngakhale kuti zosinthazo zimagwira ntchito pokhapokha boma lililonse litazivomereza palokha. Koma kukhala munthu si kukhala wolembetsedwa, ndipo n'chifukwa chake Delaware inayambitsa registered series, chigawo chokhala ndi chikalata chakechake cholembetsedwa ku boma, pa 1 Ogasiti 2019.

Lachitatu ndi Lachinayi zinathera m'mabuku awo a ndalama. Ndinapeza bilu yamagetsi ya chigawo china italipidwa kuchokera ku akaunti ya wobwereka wathu miyezi itatu yotsatizana, popanda ngakhale mzere umodzi wofotokoza. Kwa ine ichi chinali choopsa kuposa funso la fomu, pakuti khoma lolekanitsa zipinda limagwa ndi tinthu totere, ndipo likagwa, okongoza chipinda china akhoza kuloza makina omwewo.

Lachisanu eni ake anavomera kukonza mabukuwo ndi kusandutsa chigawocho kukhala registered series, kuti banki ipereke fomu yake ku Dover popanda chikaiko. Madzulo onse ndinakhala ndikuyerekeza dzina lapafomu ndi lapachikalata, chilembo ndi chilembo, chifukwa dzina la chigawo liyenera kuyamba ndi dzina lonse la kampani, ndipo mlembi wawo anali atasiya liwu limodzi pakati.