Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Mwala wa Ian Curtis ndi matenda a mlongo wanga

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinachoka ku Manchester n'kukapeza ntchito yosamalira okalamba ku Macclesfield. Munali mu 2008. Kwa inu amene simunafikeko, Macclesfield ndi tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Cheshire, kumwera kwa Manchester, ndipo pa sitima suthera ngakhale mphindi 30. Kale inkatchuka ndi mafakitale oluka nsalu za silika, koma pomwe ine ndinkafika ambiri anali atatseka. Anthu akuda tinali owerengeka, ndipo ufa wa nsima ndinkachita kukaugula ku Manchester ndikapuma.

Mu July chaka chomwecho m'tauni munabuka nkhani yoti akuba azula mwala wachikumbutso kumanda a pa Prestbury Road. Mayi wina wachizungu amene tinkagwira naye shifiti ya usiku, wa zaka za m'ma 50, anafika ku ntchito maso ali psuu. Ndinkayesa kuti kwawo kwagwa maliro. Atandiuza kuti akulirira mwala wa woimba amene anamwalira mu 1980, ndinangoti kakasi. Dzina lakuti Ian Curtis ndinali ndisanalimvepo, ngakhale la bandi yake, Joy Division. Ine ndinakula ndi nyimbo za Alleluya Band ya ku Balaka, za Lucius Banda ndi za kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Ntcheu. Nyimbo za rock ndinkaziona ngati phokoso la azungu basi.

Usiku umenewo, agogo onse atagona ndipo tamaliza kupinda zochapa, anandifotokozera nkhani yonse, ndipo zambiri ndinadzaziwerenga ndekha pambuyo pake. Bandiyi inayamba mu 1976. Anyamata awiri a ku Salford, Bernard Sumner ndi Peter Hook, anakaonera bandi ya Sex Pistols ku Lesser Free Trade Hall mu Manchester pa 4 June chaka chimenecho, natuluka atatsimikiza kuti nawonso angathe kuimba, ngakhale kuti zida sankazidziwa. Sumner anatenga gitala, Hook besi. Ian Curtis, mnyamata wa ku Macclesfield wobadwa mu 1956, anabwera kudzakhala woimba mawu, ndipo Stephen Morris, wa m'tauni yomweyo, anadzalowa pa ng'oma. Poyamba ankadzitcha Warsaw. Munthu wina wa pa wailesi ya kanema ya Granada, Tony Wilson, ndiye anawatenga ku kampani yake yaing'ono ya Factory Records.

Chimbale chawo choyamba, Unknown Pleasures, anajambula mu April 1979 ku Strawberry Studios ku Stockport, ndipo chinatuluka mu June. Anayamba ndi makope 10,000 okha. Chikuto chake ndi chakuda, chokhala ndi mizere yoyera yosanjikizana ngati mapiri, yomwe kwenikweni ndi chithunzi cha mafunde ochokera ku nyenyezi ina. Ndikukhulupirira kuti ena mwa inu munaionapo mizere imeneyi pa malaya a pa kaunjika osadziwa kuti ndi chiyani. Lero malayawo ali ponseponse, koma nthawi imeneyo chimbalecho sichinalowe n'komwe pa mndandanda waukulu wa zimbale zogulidwa kwambiri. Olemba nyuzipepala za nyimbo ankachitama, John Peel ankawaimbitsa pa wailesi ya BBC, achinyamata ochepa koma okangalika ankawatsata kulikonse, koma ndalama kunalibe. Anyamatawa ankaimba usiku ku London, kubwerera pa galimoto mpaka mbandakucha, m'mawa n'kukalowa ntchito. Ian ankagwira ku ofesi ya boma yopezera anthu ntchito komweko ku Macclesfield, ndipo gawo lake linali lothandiza anthu olumala. Anakwatira ali ndi zaka 19, ndipo mwana wake wamkazi anabadwa mwezi womwewo umene ankajambula chimbale. Ntchito anadzasiya chakumapeto kwa 1979, atapeza mwayi woyenda m'dziko lonse la Britain ndi bandi ya Buzzcocks.

Mpaka pamenepa ndinkangomvetsera mwaulemu, monga umachitira mnzako akamakamba za kwawo. Kenako mayiyo anaimirira kuti andionetse mavinidwe a Ian. Iye anawaonerapo maso ndi maso ku kalabu ina ku Hulme mu 1979. Anaumitsa thupi, maso tong'oo osaphethira, manja akuponyedwa uku ndi uku mothamanga. Anati, "Tinkakuwa, mwana iwe, tinkakuwa mpaka mawu kutha. Tsiku lina akagwa pansi sitinkadziwa ngati ndi mavinidwe kapena ndi matenda aja."

Ndinafunsa kuti matenda ati, koma yankho ndinali nditaliona kale m'manja mwakemo. Ian Curtis ankadwala khunyu.

Pano ndiyenera kukuuzani za mlongo wanga, amene m'magawo am'mbuyomu ndakhala ndikungomutchula mwapatalipatali. Ndi chitsiriza m'banja mwathu. Anagwa koyamba ali Sitandade 4, pabwalo la sukulu, ndipo ana onse anathawa chifukwa kwathu amati thovu la munthu wakhunyu likakukhudza nawenso uyamba kugwa. Palibe amene anamugwira mutu. Kuchokera tsiku limenelo anali ndi mbale yakeyake ndi kapu yakeyake. Amalume ananena kuti walodzedwa ndi achibale a kuchimuna, ndipo amayi anagulitsa mbuzi kuyenda naye kwa asing'anga, kumene anamutema mphini m'mutu ndi pachifuwa. Ena anabwera kudzatulutsa ziwanda usiku wonse. Tsiku lina m'nyengo yozizira anagwera pamoto akuotha, ndipo amene anali pafupi anachedwa kumukoka chifukwa cha mantha omwewo a thovu. Dzanja lake lamanzere lili ndi chipsera kuyambira pachigongono mpaka ku zala. Sukulu anasiyira pomwepo. Alendo akabwera ankauzidwa kuti akakhale kuseri.

Mankhwala a kuchipatala analipo, timapiritsi ting'onoting'ono ta phenobarbitone. Koma chipatala chinali kutali, mwezi wina ankabwerako chimanjamanja atauzidwa kuti atha, ndipo kunyumba ankamupatsa pokhapokha akagwa, ngati kuti ndi panado wa mutu. Palibe amene anatifotokozera kuti mankhwala amenewa amamwa tsiku ndi tsiku, ndipo kuti kuwasiya mwadzidzidzi ndi komwe kumabweretsa kugwa koopsa. Nditawerenga kuti Ian Curtis nayenso ankamwa phenobarbitone, mtima unandigunda. Piritsi lomwelo, ku Cheshire ndi ku Ntcheu.

Ian anagwa koyamba moonekeratu pa 27 December 1978, m'galimoto, akuchokera koimba ku Hope and Anchor ku London, ndipo madokotala anatsimikiza matendawo mu January 1979. Pa ntchito yanga anatiphunzitsa zimene zimadzutsa khunyu: kusagona mokwanira, kutopa, mowa, nkhawa, kudumphitsa mankhwala, ndipo kwa ena magetsi othwanima. Mukaonetsetsa mndandanda umenewu, ndi moyo weniweni wa munthu wa bandi imene yangoyamba kudziwika. Chilichonse chimene chinkakweza Joy Division chinkamudwalitsa mwini mawu. Akaitanidwa malo ambiri, tulo timachepa. Holo ikakula, magetsi amachuluka. Mu January 1980 anayenda ku Netherlands, Belgium ndi Germany. Mu March anali ku London kujambula chimbale chachiwiri, Closer. Pa 4 April anagwa pa siteji ku Rainbow Theatre magetsi othwanima atayatsidwa, ndipo usiku womwewo anakaimbanso ku kalabu ina, komwe anagwanso. Mankhwala ankamulemetsa ndi kumusinthasintha mtima. Ankaopa kunyamula mwana wake kuti angagwe naye. Banja lake ndi mkazi wake Deborah linali likutha, mtima wake utagawikana ndi mtsikana wina wa ku Belgium. Masiku ochepa chigwereni ku Rainbow anayesa kudzipha, koma pa 8 April anali kale pa siteji ku Bury. Anaimba nyimbo zochepa chabe, anthu anakwiya, ndipo munabuka chipolowe m'holomo.

Zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Munthu wangotuluka m'chipatala, ndipo funso lomwe linali pakamwa pa anthu linali lakuti aimba kapena saimba. Sindikuwaweruza anzakewo. Anali anyamata a zaka 22, 23, 24, oleredwa m'nthawi imene mwamuna sankanena kuti mtima ukundiwawa, ndipo iwo eni akhala akuvomereza poyera kuti mawu a nyimbo zake sanawamvetsere bwino mpaka atapita. Ian mwini ankawauza kuti ali bwino, chifukwa sankafuna kugwetsa ulesi anzake pamene zinthu zinali zitayamba kuyenda. Anaimba komaliza pa 2 May ku yunivesite ya Birmingham. Pa 18 May 1980, kutangotsala pang'ono kuti anyamuke ulendo wawo woyamba wa ku America, anadzipha m'nyumba mwake ku Macclesfield. Anali ndi zaka 23.

Kutchuka kwenikweni kunabwera iye kulibe. Nyimbo yawo ya Love Will Tear Us Apart inatuluka mu June n'kufika pa nambala 13, ndipo Closer inatuluka mu July n'kufika pa nambala 6. Atatu otsalawo anasintha dzina kukhala New Order ndipo anadzagulitsa zimbale zambirimbiri. Mu 2007 kunatuluka filimu ya moyo wake, ndipo m'masiku amene ine ndinali ku Macclesfield unkakumana ndi achinyamata ochokera ku Italy, ku Japan, ku Brazil, atavala zakuda, akufunsa njira ya kumanda.

Loweruka lina mayi uja ananditenga kukaona malowo, atayikapo kale mwala wina. Ndi kamwala kakang'ono ka m'mphepete mwa kanjira, kolembedwa dzina, tsiku ndi mutu wa nyimbo ija. Anthu amasiyapo maluwa, makalata, ndudu ndi timapulasitiki toimbira gitala. Mnyamata wina amene tinamupeza pamenepo anatiuza monyadira kuti Ian anali wanzeru kwambiri moti dziko lino silikanamukwana, ndipo kuti kufa ali wamng'ono ndi komwe kunamupanga kukhala wosaiwalika. Sindinamuyankhe, koma ndinapsa mtima kwambiri. Maganizo amenewa ndimadana nawo. Imfa ija inalibe ulemerero uliwonse. Anali bambo wa mwana wa chaka chimodzi, wodwala matenda amene amafuna tulo, mankhwala oyenera ndi munthu womuyang'anira, ndipo zonsezi anazisowa ali pakati pa khamu lomuombera m'manja. Mlongo wanga tinkamubisa kuseri, uyu ankamuika patsogolo pa magetsi, koma onse awiri matenda awo ankalimbana nawo okha.

Nyimbo zawo ndinadzazimvera. Mayiyo anandibwereka ma CD onse awiri. Sindinganame kuti ndinazikonda tsiku loyamba. Mawu a Ian ndi okhuthala ngati a munthu wamkulu wa zaka 50, besi ya Hook ndiyo imatsogolera nyimbo m'malo mwa gitala, ndipo ng'oma za Morris zimamveka zouma, zosatopa. Koma pali nyimbo imodzi pa chimbale choyamba imene Ian analemba poganizira mtsikana wakhunyu amene ankabwera ku ofesi kwake kudzafuna ntchito, kenako n'kusiya kubwera, ndipo iye anadzamva kuti anamwalira. Imeneyo ndinkaibwereza pa basi popita ku ntchito. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kumva munthu akuimba za matenda amenewa osawatcha ufiti kapena tsoka la pamtundu.

Mwezi womwewo ndinayamba kufunsa mafunso kwa namwino amene ankabwera kudzaona agogo athu. Iye ndiye anandiuza zimene bungwe la World Health Organization limanena, kuti anthu pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse odwala khunyu angathe kusiyiratu kugwa ngati akumwa mankhwala oyenera mosadumphitsa. Anandiuzanso kuti khunyu silipatsirana, ngakhale thovu litakugwera m'manja, ndipo kuti munthu akagwa sumuika supuni m'kamwa kapena kumupanikiza. Umachotsa zimene zingamuvulaze, kumuika kanthu kofewa kumutu, ndipo akasiya kugwedezeka umamugoneka cham'mbali.

Ndinagula khadi loimbira kunja n'kuimba kwa aphunzitsi ena a pafupi ndi kwathu, amene anali ndi foni, kuti akaitane amayi. Ndinati, "Amayi, ndalama imene ndizitumiza mwezi uno isapite kwa asing'anga. Mumutenge mwanayo mupite naye ku chipatala cha boma, akamuone adokotala. Mankhwala akatha kumeneko muzikagula ku famase, ndipo azimwa tsiku lililonse, kaya wagwa kaya sanagwe." Amayi anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwanawe, nanga amalume ako ndikawauza chiyani?" Ndinawapempha kuti mbale yake ija aisakanize ndi zinzake, ndipo pamenepo anakaniratu. Anati za mankhwala amva, koma za mbale ayi, pakhomo pali zidzukulu.

Mlongo wanga anali ndi zaka 22 chaka chimenecho. Anayamba kumwa mankhwala mwandondomeko, kugwa kunachepa, ndipo patapita nthawi adokotala anamusinthira mtundu wina umene sunkamugonetsa masana. Lero amakonza njinga pa msika wa kwathu, ali ndi mkazi ndi ana awiri. Koma zimenezi sizinabwere mwamtendere. Amalume atamva kuti ndaletsa za asing'anga anaitanitsa bwalo la pabanja, nanena kuti mwana wamkazi amene wapita kwa azungu wayamba kulamula mbumba pa foni, ndipo amayi anakhala chaka chathunthu osalankhulana ndi mlongo wawo. Mlandu umenewo, ndi momwe unakhudzira malo amene ndinkafuna kumangapo nyumba, ndiwo ndidzafotokoze m'gawo 12.