Bokosi linatuluka, koma maselo anafera momwemo

Lachisanu lapitali m'pamene ndinafikitsa ku labu bokosi la mankhwala omwe tinaitanitsa kunja, litakhala masiku 9 lili mu Blantyre momwemuno. Ndikulemba mtima usanaphwe, kuti inu amene mukuitanitsa mankhwala oyesera pa kachilombo ka korona musadzaone zomwe ndaona.

Kwa amene simuidziwa ntchitoyi: timadzala maselo a Vero E6, ochokera ku impso ya pusi, m'bale wake wa nyani uja, pa mbale ya timaenje 96, n'kuthirapo kachilombo ndi mankhwala awiri, wina mlingo ukukwera chopingasa, wina chotsika. Tikufuna kuona ngati awiriwo akuthandizana. Remdesivir ndi molnupiravir amasokoneza polymerase, imene kachilombo kamadzichulukitsira, pomwe nirmatrelvir amatseka protease, imene kamadulira mapuloteni ake. Mbali zimenezi sizisinthasintha ngati spike, timinga timene kachilombo kamalowera m'maselo. N'chifukwa chake Omicron, mtundu wina wa korona, atatulukira ku Botswana ndi South Africa mu Novembala 2021, ma antibody ambiri a m'mabotolo, mankhwala ogwira pa spike, anasiya kugwira, koma mankhwalawa ayi.

Za chilolezo cha komiti yoona kafukufuku sindichulukitsa, mukudziwa kale. Kachilombo kamoyo kamafuna labu yotetezedwa bwino, izinso musafunse. Pomwe panavuta ndi pa dzina.

Pa kalata yathu yolowetsera katundu tinalemba kuti nirmatrelvir. Ogulitsa pa invoisi yawo analemba PF-07321332. Ndi mankhwala omwewo, nambalayo ndi yomwe ankadziwika nayo asanapatsidwe dzina. Winanso analembedwa EIDD-1931, amene ndi molnupiravir akasinthika m'thupi, ndipo ndi amene timathira pa maselo. Bambo wa pa windo lotulutsira katundu anaika mapepala awiriwo pambalipambali, nayendetsa cholembera mzere ndi mzere.

"Mayi, apa pali dzina, apa pali nambala. Ndi katundu wosiyana."

"Bwana, ndi chinthu chimodzi, ndikuonetseni pa foni."

"Foni siidindidwa, mayi. Mubwere ndi kalata."

Kunena zoona sanalakwe kwenikweni. Chinandiwawa n'choti kalatayo ndinabwera nayo mawa lake, ataisayina akuluakulu athu, n'kuuzidwa kuti iyenera kuchokera kwa omwe anapereka chilolezo choyamba. Bwanji osandiuza dzulo lija? Wosayina kumeneko anali ku msonkhano ku nyanja. Tsiku lonse la Lachitatu ndinalithera pa benchi, nditadya chimanga chootcha chimodzi, uku ndalama yosungira katundu ikukwera tsiku ndi tsiku ngati ndinachita kupempha kuti andisungire.

Choncho musanapemphe chilolezo, auzeni ogulitsa akutumizireni invoisi yoyambirira, mukopere maina chilembo ndi chilembo. Dzina ndi nambala, zonse ziwiri.

Ndayiwala kunena kuti m'bokosi lomwelo munalinso timabotolo ta maselo, tili mu dry ice, mpweya wouma gwa wozizira kwambiri. Apa ndiye tinadzipweteka tokha pofuna kupulumutsa ndalama yotumizira. Dry ice sasungunuka n'kukhala madzi, amangouluka. Ndinawachonderera kuti ndithiremo wina, anati bokosi lomwe silinaloledwe silitsegulidwa. Nditalinyamula Lachisanu linapepuka ngati mulibe kanthu, ndipo ndinadziwiratu ndisanafike n'komwe pa Ginnery Corner. Tinayesabe kuwadzala. Lolemba pa maikulosikopu onse anali akuyandama, ozungulira, palibe ngakhale limodzi logwira pansi pa flask, botolo lodzalamo maselo.

Mankhwala a ufa anapulumuka, tawasungunula kale mu DMSO, madzi osungunulira mankhwala, ali mu firiza. Maselo aziyenda paokha, ndipo asanyamuke kunjako mapepala onse asanadindidwe kuno. Fotokope muchite zitatuzitatu, chifukwa windo lililonse limatsala ndi yake.

Chinanso, poitanitsanso musaiwale mankhwala otseka P-gp, kapampu ka pa khungu la selo. Maselo a Vero amapopera nirmatrelvir kunja, ndiye popanda amenewo mudzaona ngati mankhwalawo ndi ofooka. Ifenso tinawaiwala. Ali pa oda yatsopano, ndipo dzina lawo ndalikopera pa invoisi kawiri, mnzanga akundiwerengera mokweza.