Usiku umodzi m'nkhalango ya ku Saint-Philippe

Basi inanditsitsa ku Saint-Philippe, kummwera kwa chilumba cha Réunion, mvula ikuwaza. Kumeneko miyala ndi yakuda bii, chiphalaphala chouma cha phiri la Piton de la Fournaise, ndipo nkhalango inamera pamwamba pa miyalayo.

Ndinapitira duwa limodzi lokha, Angraecum cadetii. Ndi la mtundu umodzi ndi chinaka chomwe timakumba kwathu, koma ili limamera pamitengo, ndipo limapezeka ku Réunion ndi ku Mauritius basi. Bambo amene ankandilondolera atandilozera, ndinaima kaye. Timaluwa toyera mobiriwira, tating'ono, tobisala pakati pa masamba okhuthala. Ukhoza kudutsa osatiwona.

Abale ake ambiri a duwali ku Madagascar amadalira agulugufe a usiku a milomo yaitali kuti awanyamulire mungu. Ena pa Réunion pomwepo amadalira timbalame. Koma ili, amalinyamulira ndani? Ofufuza awiri, Claire Micheneau ndi Jacques Fournel, anatchera kamera yojambula mumdima, ndipo chomwe chinatulukira ndi kachilombo kofanana ndi nkhululu, kopanda mapiko, kotalika masentimita 2 kapena 3. Nkhaniyi inasindikizidwa mu 2010, ndipo kachilomboko anakatcha Glomeremus orchidophilus. Aka kanali koyamba kupeza umboni woti kachilombo ka mtundu wa nkhululu ndi ziwala kamabereketsa duwa. Ife timazidziwa ngati zowononga mbewu, kapena ndiwo.

Tinabwerera kutada. Bambowo anaphimba tochi ndi kansalu kofiira nati, "Musaponde mwamphamvu, achimwene, kamamva." Tinakhala pa muzu wonyowa, udzudzu ukundidya m'miyendo. Patapita nthawi yaitali ndinaona tinyanga tiwiri, tatitali kuposa thupi lake, tikupapasa m'mphepete mwa tsamba. Kanakwera pang'onopang'ono, kanalowetsa mutu wonse m'duwa kufuna timadzi totsekemera, ndipo potuluka kanali ndi timibulu ta mungu titamatirira pamutu. Mtima unandigunda ngati ndaona njovu.

Chimene chikundivutitsa mpaka lero n'chakuti pokamba zoteteza duwali timawerenga mitengo ndi maluwa, koma kanthu kamene kamaliberekera mbewu kanakhala zaka zonsezo kopanda ngakhale dzina.

Kanatsikira kuseri kwa tsamba, timibulu tija tili pamutu. Bambo aja anazimitsa tochi, ndipo tinakhalabe pamenepo mumdima, madzi akudontha m'mitengo.