Ziwerengero za maloya oimira anthu osauka zizitchulanso Chikwawa ndi Nsanje

Pali funso limodzi limene ndikufuna kuti boma liziyankha chaka chilichonse, molemba, ndipo yankho lake lizipezeka kwa aliyense wofuna kuliwerenga: mwa anthu onse amene anaimirira pamaso pa majisitireti ku Chikwawa ndi ku Nsanje akuzengedwa mlandu woti akhoza kulowa nawo m'ndende, ndi angati amene anali ndi loya wowaimira? Funsoli ndi lalifupi, koma kuti liyankhidwe pafunika kuti apolisi, makhoti, ndende ndi ofesi ya maloya oimira anthu osauka azilemba zinthu mofanana, azisonkhanitsa zimene alembazo pamodzi, ndipo pozitulutsa azionetsa dera lililonse palokha.

Lamulo silikusowa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu womangidwa akaonekere ku khoti pasanathe maola 48, ndipo limanenanso kuti pamene chilungamo chikufuna kutero, munthuyo apatsidwe loya wolipiridwa ndi boma. Kale ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi nthambi ya mu unduna wa za chilungamo, unduna womwewo umene uli ndi ofesi yozenga anthu milandu m'malo mwa boma. Lamulo la mu 2011 linakhazikitsa Legal Aid Bureau ngati bungwe loima palokha, ndipo bungweli linayamba ntchito mu 2015. Kumeneku kunali kusintha kwabwino, ndipo maloya amene amagwira ntchito kumeneko ndimawalemekeza, chifukwa amasenza milandu ya anthu amene sangathe kulipira ngakhale ndalama yongolankhulira ndi loya. Koma ufulu wolembedwa m'buku la malamulo umadziwika kuti ukufika kwa anthu pokhapokha wina atawerenga amene wawafikira ndi amene sunawafikire.

Dziko la America linachitapo kalembera wa mtundu umenewu, ndipo ndi bwino kuona mmene anachitira. Kumeneko khoti lalikulu linagamula mu 1963, pa mlandu wa Gideon, kuti munthu wosauka wozengedwa mlandu waukulu ayenera kupatsidwa loya. Nthambi ya boma yoona za ziwerengero za milandu, Bureau of Justice Statistics, inatumiza mafunso ku maofesi a maloya oimira anthu osauka kuti afotokoze za chaka cha 2007: maloya alipo angati, ofufuza ndi alembi alipo angati, ndalama zalowa zingati, milandu yalandiridwa ingati ndiponso ya mtundu wanji. Anapeza maofesi 957 amene analandira milandu yoposa 5.5 miliyoni m'chaka chimodzicho, ndipo anagwiritsa ntchito madola pafupifupi 2.3 biliyoni. Chimene chinapatsa ziwerengerozi mphamvu n'chakuti panali muyezo woziyezera. Kuyambira mu 1973 kunali malangizo akuti loya mmodzi asapitirire milandu ikuluikulu 150 kapena ing'onoing'ono 400 pa chaka, ndipo kalemberayo anaonetsa kuti mwa maofesi 100 alionse oyendetsedwa ndi maboma ang'onoang'ono, 73 anali atapyola malire amenewo. Kudandaula kwa maloya kwakuti ntchito yawachulukira kunasanduka nambala imene wopanga bajeti sakanatha kuikana.

Komabe kalembera wa ku America uja anayambira pa ofesi, ndipo ine ndikuona kuti kwa ife kuyambira pa ofesi pokha sikungakwane. Ofesi imadziwa anthu amene anagogoda pa chitseko chake. Sidziwa za mnyamata wa ku Chapananga amene anamangidwa Lolemba, nazengedwa mlandu Lachitatu, nalamulidwa kukhala m'ndende tsiku lomwelo, asanamvepo kuti kuli loya amene akanamuimira popanda kulipira. Woweta ng'ombe ku Ngabu akamawerenga ziweto zake madzulo sakhutira ndi nambala ya zimene zalowa m'khola, chifukwa nambala imeneyo imakhala ndi tanthauzo pokhapokha akaifanizira ndi ya zimene zinatuluka m'mawa. Tikamva pa wailesi kuti maloya athandiza anthu masauzande angapo m'dziko muno, tamva theka la nkhani. Theka linalo lili m'buku la pa kauntala ya polisi, m'kaundula wa khoti ndi m'buku lolandirira akaidi pa chipata cha ndende.

Poperekeza abale ndi anansi ndakhalapo pa mabenchi a m'khoti, ndipo chimene chimandipweteka mtima nthawi zonse ndi mphindi imene mboni yamaliza kupereka umboni, woweruza n'kufunsa wozengedwa mlandu ngati ali ndi mafunso kwa mboniyo. Munthu wopanda loya safunsa funso. Amayamba kufotokoza nkhani yake yonse kuchokera pachiyambi, woweruza n'kumudula kuti nthawi yake yolankhula idzafika, tsopano afunse mafunso okha, ndipo iye amangoti, "Ndilibe funso, bwana." Mawu amenewo amalembedwa, ndipo umboni wa mboniyo umatsala wosatsutsidwa. Mbali inayo kumakhala wapolisi woimira boma amene anaphunzitsidwa ntchito yake ndipo amaigwira tsiku ndi tsiku. Woweruza akhoza kukhala wachilungamo ndi woleza mtima, koma sangakhale loya wa munthu amene akumuweruza. Pa fayilo ya mlandu wotere pafunika kabokosi kamodzi kokha koti kalaliki wa khoti achongemo: anali ndi loya wake, anali ndi loya wa Legal Aid, kapena anadziimira yekha. Mabokosi amenewo ataphatikizidwa pa mwezi, tikhoza kudziwa kukula kwa vutoli pa khoti lililonse m'chigwa cha Shire muno.

Nambala yachiwiri ndi ya masiku. Malamulo ozengera milandu atasinthidwa mu 2010, anaika malire a nthawi imene munthu angasungidwe pa rimandi mlandu wake usanayambe: masiku 30 pa milandu yozengedwa kwa majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga ya kupha munthu. Malire amenewa ndi osavuta kuwayeza, chifukwa tsiku lomangidwa limalembedwa ndipo tsiku loyamba mlandu limalembedwanso. Choncho lipoti loona liyenera kunena kuti pa tsiku lakutilakuti mu ndende ya Chikwawa ndi ya Nsanje munali anthu angati a pa rimandi, angati mwa iwo anali atapyola malire a lamulo, ndipo angati anali ataonana ndi loya ngakhale kamodzi. Liyeneranso kutsatira anthu a kuno amene akusungidwa ku Chichiri, kuti asamawerengedwe ngati a ku Blantyre. Milandu ya kupha munthu imazengedwa ndi khoti lalikulu, ndipo ndi pa milandu imeneyi pamene kudikira kumakhala kowawa kwambiri, mboni zimasamuka kapena kumwalira, ndipo banja la womangidwayo limagulitsa mbuzi ndi njinga kuti lizikamuona. Dziko lathu linavomereza zolinga za chitukuko za United Nations mu 2015, ndipo umodzi mwa miyezo yake ndi kuchuluka kwa akaidi osaweruzidwa poyerekeza ndi akaidi onse. Nambala imene imatumizidwa kunja ndi ya dziko lonse, koma imachokera m'mabuku a ndende iliyonse, kotero kuionetsa ndende ndi ndende si ntchito yachilendo.

Chifukwa chimene ndikulimbikira kuti dera lililonse lizioneka palokha ndi chakuti chigwa chino chili ndi zovuta zimene nambala ya dziko lonse imameza. Kalembera wa anthu wa mu 2018 anapeza anthu oposa 560,000 ku Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 ku Nsanje. Anthu amenewa ali motalikirana, kuchokera ku Marka m'malire ndi Mozambique mpaka ku mapiri a kumtunda kwa Chikwawa, ndipo ambiri ali kutsidya la kummawa kwa Shire. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Nsanje ndi ulendo wa makilomita oposa 150. Loya amene wathera m'mawa wonse pa msewu kuti akaimire munthu mmodzi, n'kupeza kuti mlandu wasunthidwa chifukwa mboni sinathe kuwoloka mtsinje, wagwira ntchito tsiku lathunthu, koma m'buku lowerenga milandu yokha tsiku limenelo silioneka. Namondwe wa Ana mu January 2022 anadula msewu wa M1 ku Chikwawa, Freddy mu March 2023 anawononganso misewu ndi milatho, ndipo anthu a ku Makhanga amadziwa kuti madzi akasefukira njira yawo ndi bwato. Kalembera wabwino ayenera kufunsa za maola a paulendo, za galimoto ndi mafuta, ndi za milandu imene yasunthidwa pamodzi ndi chifukwa chake. Popanda zimenezi, loya wotumikira kuno adzaoneka ngati wochedwa poyerekeza ndi mnzake amene khoti lili pafupi ndi ofesi yake, pamene kusiyana kwawo ndi mtunda ndi madzi.

Chiyankhulo nachonso chilembedwe. Makhoti athu amalemba m'Chingerezi ndipo amadalira womasulira, pamene anthu ambiri a ku Nsanje amafotokoza bwino za mumtima mwawo m'Chisena. Ngati loya ndi munthu amene akumuimira anafunika womasulira kuti amvane, chimenecho ndi gawo la ntchito ndipo chimatenga nthawi.

Pali ngozi imodzi imene ndikufuna kuitchula mosabisa, chifukwa ziwerengero zikasankhidwa molakwika zimawononga chinthu chomwe zimafuna kukonza. Ofesi ikamayamikiridwa chifukwa cha kuchuluka kwa mafayilo otsekedwa, njira yachangu yotsekera fayilo ndi kulangiza munthu kuti avomere mlandu. Nambala idzakwera, ndipo anthu osalakwa adzalowa m'ndende ali ndi loya pambali pawo. N'chifukwa chake kuwerenga kuyenera kufika pa mathero a mlandu: angati anapatsidwa belo, angati anavomera, angati anakana n'kupezeka osalakwa, milandu ingati inathetsedwa, ingati inapita ku apilo. Pafunikanso kugwirizana pa chimene chikuwerengedwa. Pa mlandu wa kuba ng'ombe, umene ndi wofala kuno, pakhoza kukhala anthu asanu ozengedwa pa fayilo imodzi. Khoti likalemba mlandu umodzi, ndende n'kulemba anthu asanu, ofesi ya maloya n'kulemba awiri amene ikuwaimira, mabuku atatuwo sadzagwirizana ngakhale onse akunena zoona. Apa ndi pamene ofesi ya boma yoona za ziwerengero, National Statistical Office ya ku Zomba, ingathandize, popanga fomu imodzi ndi matanthauzo amodzi oti onse azitsatira, ndi kuonetsetsa kuti mayina a anthu sakutuluka m'malipoti. Munthu amene anazengedwa mlandu n'kumasulidwa ayenera kubwerera kumudzi popanda dzina lake kuyendayenda pa intaneti.

Legal Aid Bureau imathandizanso pa milandu yosakhudza kumangidwa, monga ya malo, ya chuma cha masiye ndi ya chithandizo cha ana. M'dera limene madzi amasuntha midzi ndi malire a minda, ndipo minda ikuluikulu ya nzimbe ili pafupi ndi ya anthu wamba, milandu ya malo iyenera kukhala ndi mzere wakewake m'lipoti, ndipo amayi ndi abambo awerengedwe mosiyana.

Wina anganene kuti zonsezi ndi zodula, ndipo ndalama yake kuli bwino ilembe ntchito maloya ena. Ine ndikuona kuti mbali yaikulu ya ntchitoyi ikuchitika kale. Alangizi a za malamulo a bungwe la Paralegal Advisory Service Institute (PASI), amene ntchito yawo inayamba mu 2000, amalowa m'ndende ndi m'mapolisi, amalemba amene akhalitsa pa rimandi, ndipo amathandiza kukonza makhoti ochitikira m'ndende momwemo. Bungwe loyendera ndende, limene linakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko, limapereka malipoti ku Nyumba ya Malamulo. Akalaliki a makhoti amalemba kaundula tsiku lililonse. Chofunika ndi kulumikiza mabukuwa ndi kuika tsiku lodziwika pa chaka lotulutsira zotsatira zake. Komanso pempho la maloya ena limamveka bwino kwa aphungu likabwera ndi nambala ya milandu imene loya mmodzi akusenza ndi ya anthu amene anadziimira okha.

Mtsutso umene unabuka zaka zingapo zapitazo ukuonetsa kufunika kwa zimenezi. Legal Aid Bureau inapempha kuti lamulo lisinthidwe kuti alangizi ake a za malamulo amene si maloya aziloledwa kuimira anthu pa milandu ina kwa majisitireti, ndipo bungwe la maloya la Malawi Law Society linatsutsa, poopa kuti anthu osauka adzalandira thandizo losakwanira. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka. Koma phungu wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa akamaganizira nkhani yotere, ayenera kukhala ndi pepala loonetsa kuchuluka kwa anthu a m'dera lake amene anazengedwa mlandu popanda wowaimira aliyense, chifukwa ndi nambala imeneyo imene ingamuuze ngati kudikira kuti maloya achuluke kuli kotheka kapena ayi. Chikalata cha mu 2004 chonena za thandizo la za malamulo mu Africa chinalembedwera ku Lilongwe ndipo chimatchedwa ndi dzina la mzindawo, ndipo chinavomereza kuti alangizi otere ali ndi gawo lalikulu. Kukula kwa gawo limenelo kuyenera kuyezedwa ndi zimene zikuchitikadi m'makhoti athu.

Ife eni dera tili ndi njira yopemphera ziwerengerozi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene limayang'anira kuti likutsatidwa. Mtolankhani wa wailesi ya m'dera, komiti ya chilungamo ndi mtendere ya mpingo, kapena khansala, akhoza kulemba kalata yopempha nambala ya milandu imene inazengedwa pa khoti lakutilakuti chaka chatha ndi ya anthu amene anali ndi loya. Ndikupempha makhonsolo athu awiri kuti nkhaniyi aziika pa mndandanda wa zokambirana kamodzi pa chaka, monga amachitira ndi malipoti a zaumoyo ndi a zaulimi, ndipo aziitana apolisi, akhoti, andende ndi a Legal Aid Bureau kuti abwere ndi nambala zawo pa msonkhano umodzi.