Nde 1.5 yokhayo ndi imene mukuchita nayo phokoso?

Funso limeneli anandifunsa ndi achimwene anga nditawauza kuti chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse chiyambireni kuyeza, madigiri pafupifupi 1.5 pamwamba pa mmene kunkakhalira pakati pa 1850 ndi 1900. Anaseka, akuti m'mawa kumazizira masana kumatentha koma palibe amafa nazo, nde 1.5 ndi chani. Ine ndinayamba kuwakhuthulira za IPCC, gulu la asayansi a zanyengo la United Nations, za pangano la ku Paris la 2015 lochepetsa kutentha kwa dziko, zonse zomwe ndimadziwa, kenako ndinangoona maso awo abwerera pa foni. Wolakwa ndinali ine.

Patapita masiku ndinawafunsa kuti achimwene, thupi la mwana wanu likachoka pa 37 n'kufika pa 38.5 inu mumagona tulo? Anangoti zii. Kuyambira pamenepo nkhani inayenda.

Sayansi yake siyovuta ayi, timaivutitsa ndife ndi mawu akuluakulu. Dzuwa limatenthetsa dziko, kutentha kuja kumayenera kubwerera kumwamba, koma mpweya wa kaboni wochokera ku malasha, petulo, dizilo, gasi, mafakitale a simenti komanso mitengo yomwe tikuwotcha umakhala ngati bulangete, ndipo chaka ndi chaka tikuwonjezera bulangete lina pa munthu woti akutuluka kale thukuta. Si nkhani yadzulo iyi, wasayansi Svante Arrhenius anawerengetsera zimenezi mu 1896. Wasayansi wina, Charles Keeling, atayamba kuyeza kaboni wa mumpweya pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958 anapeza magawo pafupifupi 315 pa miliyoni, pano tadutsa 420, pomwe mafakitale asanabwere tinali cha pa 280. Ndipo kaboni ameneyu sachoka msanga, wina amakhala mumlengalengamo zaka mazanamazana.

Chomwe chinawagwira mtima kwambiri ndi cha mvula. Iwo ankadabwa kuti zitheka bwanji chinthu chimodzi kubweretsa chilala komanso madzi osefukira, akuti mukungonamizira chilichonse. Koma mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 peresenti, nde umayamwa madzi m'nthaka mwachangu mbewu n'kufota, ndipo tsiku lomwe watula katundu wakeyo imagwa mvula ya mwezi wonse pa masiku awiri.

Pa nkhani yochepetsa utsi pamafunika chilungamo, apo ayi anthu amatseka makutu. Africa yonse imatulutsa pafupifupi 4 peresenti ya kaboni wa padziko, pomwe China ndi America ndi amene ali patsogolo, nde kuloza chala mayi wophikira nkhuni chifukwa alibe magetsi ndi nkhanza, ine zimandiwawa. Udindo waukulu uli kwa maboma ndi makampani, tiziwafunsa mosaopa. Koma ife amene tili ndi danga tisabisale kumbuyo kwa zimenezo. Kukwera galimoto imodzi anthu anayi, kupalasa njinga pa mtunda waufupi, kuyika sola, kusiya mtengo ukule, kusataya chakudya poti chikawolera kudzala chimatulutsa methane, mpweya wina wotenthetsa dziko, zonsezi munthu amazimva msanga ukamuwonetsa kuti ndi thumba lake lomwe likupuma.

Achimwene aja anali ndi chizolowezi chosiya injini ikulira akamadikira munthu, mwina mphindi 20 zathunthu. Sabata yatha ndinawachedwetsa, ndinawapeza azimitsa, atsitsa magalasi, akufotokozera mnzawo za bulangete lija.