Kachubu kanga kakuda ndi rubi imene inandidyera ndalama

Ndinayamba ndi mtedza, ngati ambiri kuno ku Mchinji. Ndinkagula ku Kamwendo n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Za miyala zinachita kundipeza. Anyamata ochokera ku Chipata ndi ku Lundazi, ena ku Mozambique, ankafika pa boma ndi timiyala tofiira ndi tobiriwira atatikulunga m'kapepala ka shuga, kusakasaka wogula. Ogula analipo. Amene ankasowa ndi munthu woti anene kuti mwala uwu ndi chakuti.

Mlamu wanga, mphunzitsi wa sayansi ku sekondale, ndiye anandibweretsera spectroscope ya m'manja, kachubu kakuda kotalika ngati chala. Umayatsa tochi pansi pa mwala, n'kusuzumira m'kachubumo. Kuwala kumamwazika n'kukhala utawaleza, koma utawaleza wake wa mipata, chifukwa mwala umameza mitundu ina ya kuwalako. Mwala wofiira wotchedwa garnet, uja wokhala ndi chitsulo m'kati, umaonetsa mizere yakuda itatu, iwiri pobiriwira, umodzi pachikasu. Rubi imameza chikasu ndi chobiriwira chambiri, n'kusiya kamzere kakekake kumapeto kofiira, pa nanomita 694 (nanomita ndi muyeso wosiyanitsira mitundu ya kuwala), ndipo chochititsa ndi chitsulo chotchedwa chromium chimene chili m'katimo. Galasi lofiira lilibe kamzere kameneko, ngakhale litasemedwa mwaluso bwanji.

Ndinatsegula kashopu, tebulo limodzi ndi nsalu yakuda pazenera, poti ntchitoyi imafuna mdima. Munthu amalipira kangachepe pa mwala uliwonse. Kunena zoona, malonda anga ambiri ndi kugulitsa uthenga wowawa. Mayi wina anamasula mfundo ya chitenje, kutulutsa timiyala tisanu timene anatola polima. "Bambo, muone bwino, fizi ya mwana ili m'menemu." Timiyala tonseto tinali garnet, osati rubi. Anakhala kaye chete, kenako anatimanganso pa chitenje paja.

Chaka chachiwiri ndinayamba kudzimva. Kunabwera mnyamata ndi mwala wofiira kuti psuu, woyera m'kati ngati madzi a pa mjigo. Nditasuzumira, kamzere ka 694 kali mbee. Mtima unagunda. Ndinaiwala kuti ine ndine woyeza chabe, ndinagula ndekha, ndi ndalama ya mtedza ya nyengo yonse.

Wogula wa ku Lilongwe sanafune n'komwe spectroscope. Anatenga kagalasi kokulitsa zinthu, kutembenuza mwala kawiri, n'kundipatsa kuti ndione. M'katimo munali timizere topindika ngati uta, ndi tithovu ta mpweya. "Achimwene, iyi ndi rubi ndithu, koma yophika." Rubi ya m'nthaka, ngati ya ku Chimwadzulu ku Ntcheu, mizere yake ya kakulidwe imakhala yowongoka, yokumana m'makona. Yophikayi amaipanga posungunula ufa pa lawi la moto, njira imene Mfalansa wina, Auguste Verneuil, anailengeza mu 1902. Zopangira zake ndi zomwezo, aluminium oxide ndi chromium pang'ono, ndiye kachubu kanga kakanasiyanitsa bwanji?

Mlamu anaseka mpaka misozi, osandimvera chisoni n'komwe. Akuti laser (chipangizo chotulutsa kuwala kwamphamvu kwa mtundu umodzi) yoyamba padziko lapansi, imene Theodore Maiman anayatsa ku California mu 1960, inagwiritsa ntchito kandodo ka rubi yopangidwa ndi anthu, ndipo kuwala kwake kunali pa 694 pomwepo. Ndiye kuti ndinagula mbale wake wa laser pa mtengo wa matumba a mtedza. Kunyumba sanaseke.

Mbiri ikamveka, anthu amayesa umatha zonse. Mayi amene ali ndi shopu ya mankhwala pafupi nane anabwera ndi mapilitsi opha ululu a tramadol amene wina ankawatsatsa motchipa mokayikitsa. "Achimwene, poti mumaona m'kati mwa miyala, tandionerani awa." Ndinakana. Pilitsi silidutsa kuwala ngati mwala, ndipo ntchito imeneyo ndi ya makina ena, a Raman, dzina la wasayansi wa ku India amene anatulukira zimenezi mu 1928 n'kulandira mphoto ya Nobel mu 1930. Amawalitsa laser pa mankhwalawo, ndipo kakuwala kochepa kwambiri kamabwerera katasintha mtundu molingana ndi mmene tizigawo ta mankhwalawo timanjenjemerera. Makinawo amayerekeza ndi zimene anasunga kale n'kutchula dzina. Apolisi ndi a m'zipata za m'malire m'maiko ambiri amazindikira nawo cocaine osatsegula n'komwe kajumbo. Mapilitsi ena amanyezimira okha laser ikawagunda, n'kuphimba chizindikiro, n'chifukwa chake makina ena amagwiritsa ntchito laser ya nanomita 1064. Nambala imeneyi ndi yomwenso imatuluka mu laser yotchedwa Nd:YAG, ndipo YAG ndi garnet yopanga m'fakitale. Garnet yomwe ija ndimakhumudwitsa nayo anthu ili ndi achibale olemera kunjaku.

Makina amenewo mtengo wake ungagule shopu yanga ndi yawo pamodzi. Ndinawauza mayiwo kuti asagule, akadziwitse a bungwe loona za mankhwala la PMRA.

Rubi yophika ija ikadali m'kabati ya tebulo langa. Wina akabwera ndi mwala wofiira woyera kwambiri, ndimaitulutsa, kuika pambali pa wakewo, n'kumupatsa kagalasi kuti ayambe waona yekha tisanakambe za mtengo.