Kabudula wa Dodo

Pa fomu imene anatipatsa pagombe paja panali funso lakuti, kodi mumadziwa kusambira? Mayankho oti munthu asankhepo anali atatu: pang'ono, bwino, bwino kwambiri. Ine ndinachonga lachitatulo mwamphamvu mpaka cholembera chinaboola pepala, chifukwa mayi akunyumba anali ataima pambali panga, maso ali padzanja langa.

Bodza limeneli silinabadwire pagombepo. Linali lalikulu kale, la zaka 20 ndi kanthu. Tili pachibwenzi ndinawauza kuti paunyamata wanga ndinkawoloka mtsinje wosefukira, zovala nditasenza pamutu, dzanja limodzi likupalasa. Kuwoloka ndinawolokadi, kamodzi kokha, nditaberekedwa kumsana kwa achimwene anga, ndikulira. Koma mnyamata akamafunsira mbeta sanena zonse, ndipo nkhani ija inakula nafe m'banja ngati mwana wachisamba. Alendo akabwera, mayi ankaiyambitsa okha: "Abambowa m'madzi ndi katumbu." Ine n'kumangomwetulira modzichepetsa.

Ndiye pokondwerera kuti tatha zaka 20 tili limodzi, tinasonkha tindalama n'kupita ku Mauritius. Amene anasankha dzikolo ndine, ndipo mpaka lero sindimvetsa kuti munthu wobisa zoti sadziwa kusambira angasankhe bwanji chilumba. Kukula kwake ndi makilomita pafupifupi 65 m'litali ndi 45 m'lifupi, moti kulikonse kumene ungathawire, nyanja imakhala yakudikira kutsogolo.

Masiku atatu oyambirira ndinazemba mwaluso. Ndinasanduka munthu wokonda mapiri ndi mbiri yakale. Tinapita ku Chamarel kukaona dothi la mitundu 7 ndi mathithi otalika pafupifupi mamita 100, amene ubwino wake ndi wakuti umawaonera patali, uli kuseri kwa mpanda. Tinayenda m'nkhalango ya Black River Gorges mpaka mayi mapazi anatupa. Pagombe la Flic en Flac ndinalowa mpaka m'maondo, kenako ndinakumbukira kuti zikwama zilibe mlonda.

Kumsika waukulu wa ku Port Louis n'kumene ndinagula kabudula uja, wachikasu, wodzaza ndi zithunzi za mbalame ya dodo. Ku Mauritius dodo ili paliponse: pa chizindikiro cha boma, pa makapu, pa matawulo, ngakhale mu ndalama za rupee ukaziunika padzuwa. Kumene kulibe ndi kutchire kokha. Inali mbalame yonenepa, yosauluka, yosaopa munthu. Adatchi anafika pachilumbachi mu 1598, ndipo pambuyo pa 1662 palibe amene anaionanso motsimikizika. Amalinyero ankaidya, nkhumba, makoswe ndi apusi obwera pa sitima n'kumamaliza mazira ake. Nditamva mbiriyi ndinaona ngati tili pachibale: mimba, miyendo yaifupi, ndi kusadziwa nthawi yothawa.

Kabudulayo anali wondikulira, ndipo nditangomuyesa ku hotela, chingwe chomangira chinathawira mkati mwa mpendero. Mayi anati, "Bweretsani kuno ndichitulutse ndi pini." Ine ndinati, "Musavutike mayi, mimbayi igwira."

Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. M'mawa wa tsiku lachinayi, ndili mkati motafuna dholl puri, chakudya cha kumeneko chonga chapati, mayi anandigwira dzanja mwachikondi.

"Bambo, ndakhala ndikuona. Mukudziletsa kulowa m'madzi chifukwa choopa kundisiya ndekha kumtunda. Lero ndi tsiku lanu."

Anali atandilipirira phunziro la kitesurfing, masewera oyenda pamadzi utaima pa thabwa kaiti wamkulu akukukoka, ku Le Morne, ndi ndalama zawozawo zimene ankasunga mobisa, ndipo pa risiti panalembedwa kuti zikalowa sizibwerera. Dholl puri ija inaima pakhosi.

Le Morne ili kunsonga ya kum'mwera chakumadzulo kwa chilumbachi. Pali chiphiri cha mwala chotalika mamita 556 chimene chinangoti njo m'mphepete mwa nyanja. Kale akapolo othawa ankabisala pamwamba pake, ndipo mu 2008 bungwe la UNESCO linachiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Munthu ukachiyang'ana umakhala chete pang'ono. Patsinde pake pali madzi osaya otchingidwa ndi matanthwe a korali, ndipo mafunde enieni amaswekera kutali uko, kumene kuli funde lotchuka lija amati One Eye. Ife tinapita mu Julaye, m'nyengo yozizira, pamene mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imawomba tsiku lonse osapuma. N'chifukwa chake anthu a masewerawa amakhamukira kumeneko. Kumwamba kunali makaiti mbwee, ofiira, obiriwira, abuluu, ndipo pansi pa kaiti aliyense panali munthu wooneka kuti alibe ana.

Mphunzitsi wanga anali mnyamata wa kumeneko, wowonda, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Atawerenga fomu anakondwa. "Bwino kwambiri? Pena problem, Misie." Mawu akuti pena problem m'Chikiliyo cha kumeneko amatanthauza kuti palibe vuto, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti anthuwa amawanena vuto lisanafike, lili mkati, ndiponso litatha.

Anandiveka chipewa cholimba chokhala ndi kawailesi koti ndizimumva ndili patali, jekete yoyandamitsa, chilamba chachikulu cha m'chiuno chokolekapo kaiti, ndi nsapato za labala zoteteza ku minga ya tinungu ta m'nyanja. Anandipatsanso chovala chothina chija chovala osambira m'madzi ozizira. Chimenecho ndinakana. Ndinali nditaona mmene chinamukhalira mzungu wina wa mimba ngati yanga, komanso ma dodo anga anayenera kuoneka pa zithunzi.

Kenako anafotokoza, ndipo pano ndiyenera kumuyeretsa mnyamatayu, anafotokoza bwino. Kaiti amamangidwa ku kamtengo kogwirira ndi zingwe zotalika mamita opitirira 20. Kumwamba uzikuona ngati wotchi. Kaiti akakhala pa 12 koloko, pamutu pako penipeni, amakhala wofatsa. Ukamutsitsira kutsogolo kwako, pakati pamene mphepo imamumenya pamimba, amakoka ngati ng'ombe yolusa. Kamtengo kaja ukakakokera kuchifuwa ndiye kuti wawonjezera mphamvu, ukakakankhira kutali kapena kukasiya, mphamvu imatha. Ndipo pa lamba pali kachofiira koti zikavuta ukankhe, kaiti agwe.

"Mukachita mantha, tayani," anatero katatu. "Osakoka. Tayani."

Ine ndinkangogwedeza mutu. Safunsa anadya phula. Komanso tinene zoona, malangizo amenewa ndi otsutsana ndi maleredwe. Kuyambira ndili mwana ndinaphunzitsidwa kuti zinthu zikayamba kugwedera, gwiritsa. Dzanja la amayi pagulu, gwiritsa. Ntchito, gwiritsa. Chikwama cha ndalama, gwiritsa. Ndiye kamnyamata kakuuze pa mphindi 10 kuti chipulumutso chili potaya?

Pamchenga zinayenda. Ndinaulutsa kakaiti kakang'ono kophunzirira, mayi akujambula pa foni, akuwombera m'manja ndi chigongono. Kenako tinalowa m'madzi, kutali ndithu ndi gombe koma ofika m'chiuno, ndipo anandikoleka kaiti weniweni. Phunziro lake linali loti kaiti azindikoka chafufumimba pamadzi pang'onopang'ono, wopanda thabwa kumapazi. Mnyamata uja anagwira lamba wanga kumbuyo, tinayesa kawiri, kenako anati popeza ndine katswiri wosambira, andisiya ndekha.

Kaiti anali pa 12 koloko. Kunabwera kamphepo, kaiti anapendekera ku 1 koloko. Ndinafuna kumubweza, ndinapyoza, anathamangira ku 10. Mtima unati phaa. Ndinakoka.

Za dodo amati sinkauluka, koma ma dodo anga tsiku limenelo anauluka. Mapazi anachoka pansi, ndinaona denga la galimoto zoimikidwa kuseri kwa mitengo, ndinaona mayi ali kadontho pamchenga, kenako khuvu! chamimba. Ndisanapume, kaiti anadutsanso pakati paja n'kuyamba kundikwekweza pamadzi ngati thumba. Madzi amchere ankalowa m'mphuno n'kutulukira kumene akudziwa okha. M'makutu munamveka mawu odekha, ochokera kumwamba: "Tayani. Tayani, Misie." Ndinaiwala zoti chipewa chili ndi wailesi. Ndinaganiza kuti ndi kuitana kuja, ndipo kuti akunena moyo. Ndinagwiritsa kwambiri.

Amene anamvera malangizowo anali kabudula. Ndinamumva akutsanzika, choyamba m'chiuno, kenako m'maondo, pa akakolo anachedwako pang'ono ngati akuganiza, kenako zii.

Pomaliza kaiti anadzimenyetsa yekha pamadzi, zonse n'kuima. Ine ndinatsala ndikuphiriphitha, ndikukuwa m'chinenero changa, chifukwa imfa siyankhulidwa m'Chingelezi: "Ndikumira ine! Mayo! Anthuni ndikumira!"

Mawu aja anabweranso m'makutu. "Misie, imirirani."

Ndinaponda pansi. Mchenga. Ndinadzuka, madzi n'kulekeza m'ntchafu. Mphepo ya Julaye ija inandipatsa moni pamalo pamene sinayenere kufika, ndipo ndinakhala pansi msangamsanga kuposa mmene ndinagwera.

Tsono taganizani. Chipewa ndili nacho. Jekete ndili nayo. Lamba, nsapato, zonse zili m'malo mwake. Ndinali munthu wotetezedwa kwambiri pa nyanja yonse ya Indian Ocean, kupatula dera limodzi. Ndipo madzi a ku Mauritius, amene masiku onsewa ndinkawatama kuti ndi oyera ngati galasi, ukaponya ndalama pansi umawerenga chaka chake, madzi amenewo sasunga chinsinsi cha munthu. Ndinakhala chonyonyomala, maondo pachifuwa, manja ndikuvundula mchenga kuti pachite mbuu. Komanso inali nthawi yoti nyanja ikuphwera. Kumeneko siphwera kwambiri, sifika n'komwe mita imodzi, koma kwa munthu wa vuto langa chala chilichonse chinali chuma.

Mnyamata uja anafika akuthamanga. "Imirirani, tione ngati mwavulala."

"Sindingathe."

Nkhope yake inasintha. Anafunsa ngati miyendo ndikuimva. Ndinati ndikuimva kwambiri. Anafunsa ngati msana ukupweteka. Ndisanayankhe anali ataimba kale likhweru, ndipo anzake awiri anayamba kubwera ndi thabwa lonyamulira ovulala. Kumbuyo kwawo kunali azungu achifundo, mayi wina wa ku France amene ankati ndi namwino, ndi ana atatu ovala magalasi oonera pansi pa madzi. Anawo ndi amene ndinkawaopa kuposa onse.

Kenako ndinaona mayi akunyumba akubwera, akuwaza madzi, akulira mokweza, nsalu yamaluwa imene anagula ku Port Louis ili m'khosi. Mayi amene chifikireni anali asanaviike ngakhale chala.

"Bambo! Bambo a ana anga! Mwathyoka pati?"

Ndinawakodola kuti awerame. Ndinawanong'oneza. Anakhala kaye duu, kenako anasuzumira m'madzi kuti atsimikize. Kulira kuja sikunasiye, kunangosintha giya. Anaseka mpaka anakhala pansi m'madzi momwemo, namwino uja n'kuyamba kuwathandiza iwowo.

Atapeza mpweya anauza anthu aja kuti abwerere m'mbuyo, palibe chathyoka. Anavula nsalu ija m'khosi. Ndinatambasula dzanja. Iwo anaikweza m'mwamba.

"Bambo, ndinakumvani mukukuwa kuti mukumira."

"Inali nthabwala, mayi. Bweretsani nsaluyo."

"M'madzi a m'ntchafu."

"Mayi, nyanja ikuphwera."

"Iphwere. Mtsinje uja munawoloka bwanji?"

Ndinayang'ana chiphiri chija, ndinayang'ana ana a magalasi aja amene anali atayamba kuyandikiranso, ndinayang'ana madzi amene tsopano anali pa mchombo.

"Anandibereka achimwene."

"Zovala pamutu?"

"Pamutu pa achimwene."

"Mokweza, sindikumva, kuli mphepo."

Ndinabwereza mokweza. Mnyamata uja, amene sankamva chilichonse, anangoti, "Pena problem."

Ndinatuluka m'nyanja nditamanga nsalu yamaluwa ofiira, pamwamba jekete, kumutu chipewa, ndikuyenda timasitepe tating'ono chifukwa mphepo inali isanathane nane. Anthu a pagombe, poganiza kuti wovulala wayenda yekha, anawomba m'manja. Ndinakweza dzanja limodzi kuwathokoza. Linalo linali pa ntchito. Kabudula sanapezeke, ngakhale anyamata aja anamufunafuna ndi mtima wonse. Mayi anauza woyendetsa takisi, wolandira alendo ku hotela, ndi banja lina limene tinakumana nalo pa chakudya chamadzulo, kuti dodo yatha kachiwiri ndipo ulendo uno iwo analipo.

Tsiku lomaliza tinapita ku Blue Bay, kufupi ndi bwalo la ndege, kukakwera boti lokhala ndi galasi pansi, loonera nsomba ndi makorali munthu uli wouma. Anatipatsa fomu. Funso lomwe lija. Ndinatambasula dzanja, mayi analanda cholembera, anadumpha mayankho onse atatu n'kulemba m'munsi mwake ndi zilembo zikuluzikulu kuti: AKABEREKEDWA.

M'botimo anthu onse ankaloza nsomba zamawangamawanga, woyendetsa akutchula mayina ake. Mayi okha anali chete, ataweramira pagalasi, akuyang'anitsitsa pakati pa matanthwe. Ndinawakumbutsa kuti Le Morne ili kutsidya lina la chilumba, kutali kwambiri.

"Khalani chete bambo," anatero osadzutsa mutu. "Uja amadziwa kusambira."